Momwe mungaitanitsire mwana wanu wamkulu ku America muli ndi green card, ndi zoti muzichita pa zaka zodikirazo

Amalawi ambiri kuno, makamaka omwe adabwera pa lotale ya green card yotchedwa DV mwana woyamba atapitirira kale zaka 21, amafunsa funso limodzimodzi, loti kodi mwana adatsala ku mudzi uja ndingamuitanitse bwanji ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji. Zimatheka ndithu, ine ndidachita ndi mwana wanga wamkazi ndipo pano ali kuno akugwira ntchito, koma mtima muuike m'malo chifukwa tikukamba za zaka 8 kapena 9, osati miyezi. Kulemba fomu n'kwa tsiku limodzi. Ntchito yeniyeni ndi kusunga malo anu pa mzere zaka zonsezo osataya.

Choyamba dziwani gulu lomwe mwana wanu akugwera. Ngati inu muli ndi green card, ndipo mwanayo ali ndi zaka 21 kapena kuposa komanso sali pabanja, gulu lake ndi F2B. Wosakwana zaka 21 ali mu F2A ndipo kumeneko mzere umayenda mwachangu ndithu. Mwana wokwatira kapena wokwatiwa ndiye palibiretu gulu lake kwa munthu wa green card, musataye ndalama, dikirani mukhale nzika kaye.

Chomwe chimachedwetsa ndi lamulo lenilenilo, osati ulesi wa munthu wina mu ofesi. Dziko la America limapereka ma visa pafupifupi 114,200 pa chaka kwa abale a anthu a green card, ndipo pa amenewo 23 pa 100 alionse okha, kutanthauza 26,000 ndi kanthu, ndi omwe amapita kwa ana akuluakulu a dziko lonse lapansi. Kuwonjezera apo palibe dziko limodzi lomwe limaloledwa kupitirira 7 pa 100, n'chifukwa chake anzathu a ku Mexico amadikira zaka pafupifupi 20. Ife a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe tili pa mzere wa onse, ndipo mu 2025 amaitana anthu omwe adapereka mapepala mu 2016.

Ndiye perekani fomu yoitanitsira m'bale ya I-130 ku USCIS, ofesi ya boma la America yoona za anthu olowa m'dzikoli, lero lomwe ngati mungathe. Pa intaneti ndi madola 625, ya pepala ndi madola 675, mitengo imeneyi idayamba pa 1 Epulo 2024 ndipo imasintha choncho yang'anani pa tsamba lawo musanalipire. Tsiku lomwe alandira fomu yanu ndi lomwe amati priority date, ndipo limakhala pa kalata ya I-797 yomwe amakutumizirani. Zili ngati ku chigayo, thumba lako likakhala pa mzere ndiye kuti wayamba kuwerengeredwa ngakhale iwe uli kwina. Anthu amachedwa chaka chonse ati ndikufuna ndipeze kaye ntchito yabwino, pomwe za malipiro anu safunsa pa sitepe imeneyi, adzafunsa patsogolo kwambiri. Kalata ya I-797 ija ijambuleni, sungani mu foni, mu imelo, ina tumizani kwa mwanayo.

Zoti muphatikize ndi zodziwikiratu, kope ya green card mbali zonse ndi setifiketi yobadwira ya mwana yosonyeza dzina lanu. Apa amalawi timavutikako chifukwa ana obadwa m'ma 1990 ambiri sadalembetsedwe pobadwa, kulembetsa mokakamiza kudayamba cha mu 2015, ndiye setifiketi ya ku NRB imaoneka kuti yatengedwa munthu ali wamkulu kale. Zikatero onjezani maumboni akale, kadi ya ku sikelo ngati agogo adasunga, ya ubatizo, mapepala a ku pulayimale osonyeza dzina la kholo. Ndipo maina afanane paliponse, osati pa pasipoti Chimwemwe pa setifiketi Chimwemwe Grace pa ya MSCE dzina la bambo omupeza. Abambo omwe simudakwatirane ndi mayi a mwanayo muli ndi ntchito yowonjezera, muonetse kuti mumamusamala asanakwane zaka 21, malisiti a fizi, a ndalama zomwe mumatumiza, zithunzi zakale. Akakayikirabe amatha kukuuzani za DNA, koma musathamangire kukayezetsa nokha m'tauni, amafuna labu yovomerezeka ndi bungwe la ku America lotchedwa AABB ndipo za mwanayo zimatengedwa kudzera ku ofesi ya kazembe.

Tsopano pomwe pandivuta kwambiri ine ndi apa, ndipo ndikhalitsapo chifukwa ndaona mabanja ena awiri atatu akugwa m'dzenje lomweli. Fomu yathu adatilembera munthu wina wotchuka pakati pa anthu a ku Africa kuno, si loya ayi, ndi aja amakhala ndi kaofesi kotumizira ndalama, kulemba za misonkho, kugulitsa matikiti, zonse pamodzi. Adatilipiritsa ndalama yoposa ya fomu yomwe. Pamalo pa imelo ndi adiresi yolandirira makalata adalembapo zake, ati kuti azititsatira bwino. Zaka zoyamba zinalibe vuto chifukwa kunalibe choti chibwere. USCIS itavomereza, fayilo idapita ku National Visa Center (NVC), ofesi yokonza mafayilo a visa, ku Portsmouth, New Hampshire, n'kukakhala kumeneko kudikira tsiku lathu. Pakati apo bambo uja adatseka ofesi n'kusamukira dera lina, foni yosagwira, imelo ija palibe amaitsegula.

Ndiye NVC idalemba kalata yoti nthawi yakwana yambani kulipira ndi kutumiza mapepala, kalatayo idapita ku imelo yakufa. Lamulo lake pa gawo 203(g) likuti munthu akauzidwa kuti visa ilipo n'kukhala chaka chathunthu osayankha, amayamba kutseka fayiloyo, ndipo ikatsekedwa kotheratu ndiye kuti zaka zonse zija zapita m'madzi. Amakupatsa mpata wa chaka china kuti ufotokoze kuti zidachitika pa zifukwa zomwe sukadatha kuziletsa, koma mpata umenewo ukadutsa basi. Chomwe chidatipulumutsa ndi mwana yemweyo, amatsegula Visa Bulletin, chikalata cha boma chosonyeza pomwe mzere wafika, mwezi ndi mwezi pa foni ku Zomba, ndiye adaona kuti tsiku lathu lidadutsa kale pa tebulo koma kuli zii. Adandiimbira usiku kuno, amayi kodi palibe chomwe mwalandira? Ndidalemba kudzera pa fomu yofunsira ya pa tsamba la NVC, ndi nambala ya risiti ija ya pa I-797, dzina langa ndi lake ndi masiku obadwa, ndipo patapita masabata angapo adayankha ndi nambala ya fayilo ndi ya invoice. Tidapeza miyezi yambiri ya chaka chija itatha kale. Masiku amenewo sindinkagona, ndimadzuka pakati pausiku kutsegula imelo kenako n'kupita ku shifiti maso ali gwa.

Choncho chitani izi. Imelo ikhale yanu, yomwe mudzakhale nayo zaka 10 zikubwerazi, osati ya ku ntchito, osati ya m'busa, osati ya ejenti. Lembaninso ya mwanayo. Ngati wina akukulemberani fomu khalani naye pompo muwerenge tsamba lililonse musanasaine, ndipo atuluke nanu makope onse. Loya weniweni amalemba fomu ya G-28 yosonyeza kuti akukuimirani, munthu akamakana kuti dzina lake lioneke paliponse pa mapepala dziwani kuti pali chomwe akubisa. Mukasamuka nyumba muuze USCIS pa fomu AR-11 pasanathe masiku 10, ndi lamulo kwa aliyense wa green card ndipo ndi yaulere, koma fayilo ikakhala ku NVC muwauzenso iwowo paokha. Ndipo kamodzi pa chaka lembani ku NVC kapena lowani mu CEAC, tsamba la pa intaneti lomwe mumaonerapo fayilo yanu, kuti aone kuti mudakalipo. Kunena zoona I-130 munthu wodziwa kuwerenga chingerezi atha kulemba yekha pa kompyuta Loweruka limodzi, ndalama ya ejenti ija ndi bwino kuisungira tikiti.

Visa Bulletin imatuluka mwezi uliwonse pa tsamba la State Department, unduna wa za kunja wa America. Pitani pa mzere wa F2B, bokosi loyamba la maiko onse. Matebulo alipo awiri, la Dates for Filing limakuuzani nthawi yoyamba kutumiza mapepala ku NVC, la Final Action Dates ndi lomwe limati visa itha kuperekedwa. Tsiku lanu likhale lakale kuposa lomwe lalembedwapo. Musadabwe likaima malo amodzi, kuyambira 2021 mpaka 2023 tsiku la F2B lidakakamira pa 22 Sepitembala 2015 osasuntha, ndipo nthawi zina limabwerera m'mbuyo kumene. Kusuntha kumaoneka kawirikawiri mu Okutobala chifukwa ndi pomwe chaka cha boma chimayamba.

Nkhani ya banja ndi yowawa koma ikambeni poyera ndi mwana wanu kuyambira tsiku loyamba. Akakwatira kapena kukwatiwa inu mukadali wa green card, pempho lija limafa lokha tsiku lomwelo, ngakhale banjalo litadzatha pambuyo pake silidzukanso. Ndipo musaganize kuti ndi ukwati wa ku tchalitchi kapena wa kwa DC wokha. Lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa chikhalidwe, ndipo America imatenga ukwati kukhala weniweni ngati uli wovomerezeka komwe udachitikira, ndiye chinkhoswe chokhala ndi ankhoswe mbali zonse chitha kumutayitsa malo. Azakhali kumudzi amakakamiza, mwana wafika zaka 29 akudikira chiyani, ndiye inu muwafotokozere bwinobwino. Ayenera kukhala wosakwatira mpaka tsiku lomwe wadinditsa pasipoti pa bwalo la ndege ku America, osati tsiku la intaviyu. Kubisa ukwati ndiye musayese, akazindikira ndi chiletso cha moyo wonse. Kukhala ndi mwana si vuto, mdzukulu wosakwana zaka 21 amabwera limodzi ndi kholo lake pa fayilo yomweyo. Ine sindinganene kuti munthu ayimitse moyo wake chifukwa cha visa, ena amasankha banja ndipo sadalakwe, chachikulu asankhe akudziwa.

Mukakwanitsa zaka 5 mutha kupempha unzika pa fomu N-400, madola 710 pa intaneti, ndipo poti Malawi pano imalola unzika wa maiko awiri palibe choopa kwenikweni. Mukakhala nzika mwana amasamukira ku gulu la F1, la ana akuluakulu a nzika omwe sali pabanja, ndi tsiku lake lakale lomwe lija. Koma onani ma tebulo kaye, zaka zina F1 imakhala m'mbuyo kuposa F2B, ndipo lamulo la CSPA la 2002 limalola mwanayo kulemba kalata yopempha kukhalabe mu F2B. Ubwino wa unzika ndi woti akadzakwatira pambuyo pake fayilo siifa, imangopita ku F3, gulu la ana a nzika omwe ali pabanja, kungoti kumeneko mzere ndi wautali koposa. Inunso musamakhalitse ku mudzi, mukatha chaka chathunthu kunja popanda chilolezo chobwererera green card yanu itha kutengedwa ngati mwaisiya, ndipo ikagwa fayilo ya mwana imagwera limodzi.

Njira zachidule zomwe anthu amanong'onezana, zoti angobwera pa visa yoyendera n'kukhaliratu, zimaononga. Mwana wa F2B akapitirira masiku omwe adaloledwa sangasinthire mapepala ali mu America momwemo ngati momwe amachitira mkazi wa nzika, ndipo akatuluka atakhala masiku oposa 180 popanda chilolezo amaletsedwa zaka 3, akapitirira chaka ndi zaka 10. Komanso kuyambira Ogasiti 2025 amalawi ndi a ku Zambia ofuna visa yoyendera adayamba kuuzidwa zopereka chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zidaikidwa pa mndandanda wa maiko omwe ma visa ake ena, kuphatikizapo okakhazikika, adaimitsidwa. Zoterezi zimasintha ndi boma lomwe lilipo, ndiye muziona tsamba la kazembe wa America ku Lilongwe musanalipire chilichonse cha kumapeto. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi munthu mkati woti adumphitse fayilo ndi wakuba, tsiku la pa mzere palibe amaligula.

Tsiku likafika zotsalazo ndi zongotsatira. Mulipira madola 325 a visa ndi 120 a fomu ya I-864, pomwe mumalonjeza kuti mudzamusamala, malipiro anu afike 125 pa 100 ya mlingo wa umphawi wa boma malinga ndi kukula kwa banja lanu, akaperewera pezani wina wa green card kapena nzika asaine nawo. Mwana alembe fomu yopemphera visa ya DS-260, atenge kalata ya ku polisi, pasipoti ikhale yamoyo, zonse mukweze mu CEAC. Kenako ku chipatala chomwe a kazembe asankha, katemera, intaviyu atanyamula mapepala enieni osati makope. Visa ikatuluka imakhala ya miyezi 6 kapena kucheperapo, lipirani madola 235 a green card yake asananyamuke, ndipo tikiti mugule pasipoti itabwerera m'manja mwake.