Momwe mungachotsere dzimbiri pa zitsulo za galimoto yakale popanda kuziwononga

Peugeot 404 ya malemu bambo anga inakhala pansi pa mtengo wa mango ku Salima kwa zaka zambiri, mvula ikuinyowetsa, chinyezi cha kunyanja chikuilowa. Titaikokera ku Lilongwe, aliyense wobwera kudzaiona ankangoti, "Tengani girayinda mupale." Ndinakana. Galimoto imeneyi inayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo zomaliza zinatuluka ku Kenya mu 1991. Kachitsulo kake mukakawononga, simungakapeze pa shelefu ya sitolo ya masipeya. Girayinda sisankha, imadya dzimbiri ndi chitsulo chomwe. Mankhwala amasungunula dzimbiri n'kukusiyirani chitsulo, bola muwasankhe bwino ndipo musawaiwale m'ndowa.

Njirayi ndi yomweyo kaya muli ndi Land Rover yakale, Datsun 1200 kapena Volkswagen Beetle.

Masulani, kenako sankhani ndi maginito

Musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni kuti mudzakumbukire pomanga. Mabawuti a malo amodzi aikeni m'kajumbo kawokawo. Mukatero tengani maginito, ngakhale ya m'sipika yakufa, muyese chitsulo chilichonse. Chimene maginito yagwira n'chimene chimachita dzimbiri lofiira, ndipo n'choyenera kuviikidwa. Chimene yakana chiikeni pambali: aluminiyamu, mkuwa, komanso chitsulo chotuwa chija chosakaniza ndi zinki chimene ankapangira kabureta ndi zogwirira zitseko. Chimenechi asidi amachidya msanga. Ine ndinaphunzira mowawa, chogwirira chitseko chimodzi chitagona m'viniga usiku umodzi n'kutuluka chili zibowozibowo. Mpaka lero chimandipweteka mtima, chifukwa n'chimene dzanja la bambo linkagwira tsiku ndi tsiku.

Masipuling'i, mabawuti olimba a ku mawilo ndi zitsulo za chiwongolero, ngakhale maginito yazigwira, musaziviike m'asidi. Asidi akamadya chitsulo amatulutsa mpweya wa hydrogen, ndipo mpweyawu ukalowa m'chitsulo cholimba kwambiri umachichititsa kuti chizithyoka mwadzidzidzi, chosapindika n'komwe. Zimenezi zitsukeni ndi burashi ya waya basi. Mapaipi a mabuleki odyeka ndi dzimbiri asintheni, musawasungire chifundo.

Chotsani mafuta kaye

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Asidi sadutsa girisi. Mukaviika chitsulo chamafuta, chimatuluka chamawangamawanga, kwina koyera kwina kofiira, inu n'kumati mankhwala ndi achabe. Tsukani ndi palafini ndi burashi, kenako ndi madzi otentha a sopo waufa mpaka madzi asiye kuthawa pachitsulopo. Dzimbiri lamakoko, loti mukhoza kulitokosa ndi chikhadabo, lipaleni ndi burashi ya waya kuti mankhwala asathere mphamvu pa zinthu zoti zikanagwa zokha.

Mankhwala ake ndi ati?

Viniga woyera wa m'golosale ali ndi asidi wokwana pafupifupi 5 peresenti. Ndi wokwanira pa manati, mawashala ndi timabulaketi. Musamuthire madzi. Tsiku limodzi kapena awiri ntchito yatha.

Amene ndimakonda ine ndi citric acid, ufa woyera wooneka ngati shuga umene umagulitsidwa m'masitolo ena a zophikira makeke. Ndi asidi yemwe uja amawawasitsa mandimu. Sungunulani magalamu 50 mpaka 100 m'lita imodzi ya madzi ofunda. Sanunkha ngati viniga, ndipo mukafuna ndowa yodzaza amatsika mtengo kuposa kugula mabotolo makumi awiri a viniga. Madzi akakhala ofunda amagwira ntchito mwachangu, choncho ndowa yakuda yoikidwa padzuwa la Okutobala imachita m'maola ochepa zimene mu Juni zimatenga tsiku lathunthu.

Pa zitsulo zikuluzikulu monga marimu, pali njira yochedwa koma yofatsa: molasses, manyuchi akuda aja otsala popanga shuga, monga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Sakanizani gawo limodzi la molasses ndi magawo 9 a madzi m'mgolo wapulasitiki, miizanimo chitsulo, dikirani masabata awiri mpaka anayi. Amawira, amachita thovu ndi nkhungu pamwamba, ndipo fungo lake silabwino, ndiye mgolowo ukhale kutali ndi khonde la anzanu oyandikana nawo. Koma mukavuula n'kutsuka, chitsulo chimaoneka chotuwa bwino, ngakhale manambala amene anadinda ku fakitale amawerengeka. Nawonso amadya zinki, choncho lamulo la maginito lija likhalebe.

Thupi la galimoto simungaliviike m'ndowa. Pamenepo gulani mankhwala opaka ndi burashi a m'hadiweya, olembedwa kuti rust remover kapena rust converter. Ambiri ali ndi phosphoric acid kapena tannic acid, amene amasandutsa dzimbiri lopyapyala kukhala kachikuto kakuda kogwirika penti. Tsatirani zolembedwa pabotolo, chifukwa ena amafuna kutsukidwa pambuyo pake, ena ayi. Dzimbiri lokhuthala sangalithe. Amangodetsa pamwamba, pansi likupitiriza kudya.

Wina adzakuuzani za asidi wa m'madamu osambiramo, hydrochloric acid, kuti amayeretsa m'mphindi zochepa. N'zoona, koma ine ndikuti msiyeni. Amawotcha khungu ndi maso, nthunzi yake imapweteka mapapo, ndipo botolo lake likakhala lotsegula m'galaja mudzapeza masipanala onse achita dzimbiri. Chitsulo chotsukidwa naye chimachitanso dzimbiri msanga kuposa kale. Asidi wa m'batire nayenso si wa ntchito imeneyi. Ndipo asidi aliyense, ngakhale viniga, asakumane ndi Jik, chifukwa zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa chlorine umene ukhoza kupha munthu.

Kuviika

Gwiritsani ntchito ndowa kapena chigubu chapulasitiki chodula pamwamba, osati ndowa ya malata. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo gwirirani ntchito panja. Posakaniza, yambani kuthira madzi, asidi pambuyo.

Chitsulo chimire chonse. Mukasiya mbali ina kunja, pamene pakulekezera madzi pamadyeka mzere woonekeratu umene suchokanso. Tizitsulo ting'onoting'ono timangeni pa waya kuti musamapise m'ndowa. Vindikirani kuti ana ndi nkhuku asafikepo, koma musatseke mothina, mpweya uja uzituluka.

Pakapita maola atatu kapena anayi, vuulani chimodzi muone. Chimakhala ndi matope akuda pamwamba. Chikwecheni ndi burashi pansi pa madzi, ndipo ngati m'timaenje mudakali kofiira, chibwezereni. Dzimbiri likatha, chichotseni nthawi yomweyo. Asidi akasowa dzimbiri amayamba chitsulo chenichenicho, ndipo mazinga a bawuti ndiwo amayamba kutha. Nati imene inali yothina imayamba kugwedera.

Mphindi khumi zofunika kwambiri

Chitsulo chongotuluka m'asidi chilibe chodziteteza nacho. Mukachisiya chonyowa kuti mukamwe tiyi, mudzachipeza chasanduka chachikasu. Choncho konzeranitu zonse musanavuule: ndowa ya madzi oyera, ndowa ina ya madzi a soda wophikira, nsanza zouma, mafuta kapena penti.

Tsukuluzani bwino m'madzi oyera. Kenako viikani kwa mphindi zingapo m'madzi a soda, yemwe uja amayi amathira m'therere, masupuni aakulu awiri pa lita imodzi. Soda amapha mphamvu ya asidi wobisala m'mazinga ndi m'ming'alu, amene akanadzatukula penti wanu patapita miyezi. Tsukuluzaninso, makamaka ndi madzi otentha kwambiri chifukwa chitsulo chikatentha chimadziumitsa chokha. Pukutani, pemererani m'mabowo ndi kompuresa ngati muli nayo, n'kuyanika pa lata padzuwa. Nthawi ya dzinja musavuule kumadzulo kapena kukachita mitambo.

Chikangouma, chitetezeni tsiku lomwelo. Chimene mudzapente chipakeni primer wa zitsulo, penti woyamba wa pansi uja, osachigwira ndi manja chifukwa thukuta limasiya zidindo za dzimbiri. Mabawuti ndi zina zosapentedwa zipakeni oyilo wa injini watsopano n'kuzibwezera m'majumbo awo. Dziwani kuti bawuti imene inali yokutidwa ndi zinki yataya chikutocho m'asidi, ndiye popanda oyilo kapena penti sichedwa kufiiranso.

Mukatsuka mudzaona zoona zake za chitsulo chanu. Mankhwala sabwezera chimene dzimbiri linadya kale. Bulaketi imene yatuluka yopyapyala ngati chitini ipititseni kwa owotcherera akupangireni ina, potengera yakaleyo.

Madzi a citric acid mukhoza kuwagwiritsanso ntchito mpaka atafooka. Potaya, thiranimo soda pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya, musefe matope, ndipo mutaye kutali ndi chitsime, mjigo kapena dimba. Otsala asungeni m'chigubu cholembedwa bwino, pamalo okwera. Musawaike m'botolo la Sobo kapena Fanta, chifukwa mwana akaliona amangotsegula n'kumwa.