Kukwera mafunde ku Maldives: mafunde abwino ali pati, nanga mukayenda bwanji

Anthu ambiri akamva za Maldives amangoganiza za mahotela odula aja omangidwa pamwamba pa madzi, koma kwa munthu wokonda kukwera mafunde ndi bolodi dziko limeneli lili ndi zakezake, ndipo sikuti mpaka ukhale mpondamatiki ayi. Chimene chimagwetsa anthu ambiri kumeneko ndi mayendedwe. Dziko lonseli ndi tizilumba pafupifupi 1,200 tomwazika m'nyanja ya Indian Ocean, m'magulu 26 omwe amati ma atoll, ndipo tokhala anthu sitikwana n'komwe 200. Nde chilichonse ndi boti. Ukafuna kugula chinthu pachilumba china ndi boti, ukafuna funde lomwe ukuliona ndi maso apo ndi boti, ukavulala ndi boti. Mukakonza bwino za maboti ndiye kuti ulendo wonse mwaukonza.

Tiyambe ndi nyengo poti ndi imene imalamula zonse. Mafunde a ku Maldives amabadwira kutali kwambiri kummwera kwa Indian Ocean komwe kumachita mikuntho, amayenda mtunda wautali nkudzasweka pa miyala ya korali. Sizoni yake imayamba cha mu Malichi mpaka Okotobala, ndipo mafunde akuluakulu amabwera mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Miyezi imeneyo mphepo imachokera kummwera chakumadzulo, ndipo poti malo ambiri osewerera a ku North Malé, atoll yomwe kuli likulu la dzikolo, ali mbali ya kummawa kwa atoll, mphepoyo imawomba molimbana ndi funde nkumaliimika bwinobwino kuti lisafulumire kugwa. Kuipa kwake nyengo yomweyo ndi ya mvula komanso nyanja imawinduka, maboti ena amalephereka. Ngati simunafike pa udolo, ine ndinganene kuti pitani mu Epulo kapena Seputembala ndi Okotobala, mafunde amakhala a saizi yabwino ndipo pa boti simuvutika kwambiri. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumakhala kowala bwino koma mafunde ndi ochepa, imeneyo ndi nthawi ya ongopita kukapuma. Madzi ndi ofunda chaka chonse, madigiri 28 mpaka 30, nde suti ya labala ija isiyeni kunyumba.

Ndege imatera pa Velana International Airport, pa chilumba cha Hulhulé, pafupi ndi likulu Malé. Viza ya masiku 30 amadinda pompo mukafika, yaulele, bola mukhale ndi tikiti yobwerera ndi umboni wa komwe mukagone, komanso mudzaze fomu ya IMUGA pa intaneti mkati mwa maola 96 musanafike. Mowa ndi nyama ya nkhumba musanyamule, sizololedwa kulowa nazo. Mukangotuluka gulani simu khadi ya Dhiraagu kapena Ooredoo pa eyapoti pomwepo chifukwa za maboti zonse zimayendera pa foni, eni gesitihausi ndi amene amakusungirani mpando nkukuuzani jeti yake ndi nthawi yake. Ndalama yawo ndi rufiyaa, dola imodzi imasintha pafupifupi 15, madola amalandiranso koma akhale osang'ambika ndi osatha. Kuchoka mu 2018 pali mlatho wa Sinamalé wolumikiza eyapoti, Malé ndi Hulhumalé, tauni yoyandikana ndi eyapoti, nde pamenepo pokha mutha kukwera takisi kapena basi.

Tsopano mayendedwe enieniwo. Njira yotchipa kuposa zonse ndi feri ya anthu wamba yomwe amayendetsa a kampani ya MTCC, mtengo wake ndi timadola tochepa chabe ndipo mumakhala limodzi ndi eni dziko ndi katundu wawo, makatoni a zakudya, matumba a mpunga, zonse. Koma imayenda pang'onopang'ono ndipo zilumba zambiri imapitako kamodzi patsiku, zina masiku owerengeka pa sabata. Ndipo ichi chokha musaiwale: Lachisanu feri siyenda. Ndi dziko la Chisilamu, wikendi yawo ndi Lachisanu ndi Loweruka, nde pogula tikiti ya ndege onetsetsani kuti simukutera Lachisanu kapena usiku kwambiri feri itapita kale. Yachiwiri ndi sipidiboti yokwera anthu ambiri pa nthawi yoikika, imadula kangapo kuposa feri koma imadula mtunda, ndipo kwa munthu wonyamula thumba la mabolodi imeneyi ndiye yoyenera, ingowauziranitu kuti muli ndi mabolodi kuti akusiyireni malo. Mukaiphonya yomaliza ndiye kuti mwina mugone ku Hulhumalé kapena muchite hayala boti lonse nokha, zomwe ndi madola mazanamazana. Ndege zotera pamadzi zija ndi zokongola zedi koma zimauluka masana okha, zimapita kwambiri ku mahotela akuluakulu, ndipo malo a katundu ndi ochepa moti bolodi lalitali mufunse kaye musanalipire.

China chomwe anthu samachidziwa nchakuti maulendo ambiri amadutsira ku Malé. Zilumba ziwiri zitha kuyandikana pa mapu koma palibe boti lochoka apa kupita apo, mpaka ubwerere ku likulu kenako unyamukenso, tsiku lathunthu latha osalowa m'madzi. Nchifukwa chake ine ndimalimbikira kuti musankhe chilumba chimodzi, mukachulutsa ziwiri, mukhazikike. Kudumphadumpha zilumba kumaoneka kokoma polemba pulani koma mafunde amabwera tsiku lomwe afuna, ndipo zimawawa swell yabwino, mafunde ochokera kutali aja, kufika inu muli pa jeti ndi zikwama.

Chilumba chake chiti? Kale mlendo ankangololedwa kugona ku mahotela a pazilumba zaozao, koma kuyambira 2009 boma linalola magesitihausi pa zilumba zokhala anthu, ndipo apa mpomwe zinatseguka kwa ife a matumba ang'onoang'ono. Ku North Malé pali ziwiri zomwe zili pakati penipeni pa mafunde, Thulusdhoo ndi Himmafushi. Thulusdhoo ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 30 pa sipidiboti, pa feri ola ndi theka. Himmafushi ndi yapafupi kuposa pamenepo.

Musanamve maina a malo mudziwe za funde la kumanja ndi la kumanzere. Zimawerengedwa kwa munthu amene ali pa bolodi akuyang'ana kumtunda, funde likamamutengera ku dzanja lake lamanja ndi la kumanja basi. Ngati mumatsogoza phazi lamanzere, pa funde la kumanja mumakhala mukuyang'anizana nalo, zomwe zimaphweka kwa ambiri. Otsogoza lamanja amasangalala ndi akumanzere.

Pa Thulusdhoo pali Cokes, pachilumba pomwe pali fakitale ya Coca-Cola. Ndi funde la kumanja, lamphamvu, lothamanga, limapindika nkupanga mphako, ndipo pansi pake miyala ili pafupi. Likakula si la ophunzira ngakhale pang'ono, khalani kaye pambali muwone mmene anyamata a pachilumbapo akulilowera, akukhala pati, akutulukira pati. Tsidya lina la mpata pali Chickens, la kumanzere, lalitali moti tsiku labwino miyendo imachita kutopa musanafike kumapeto. Limaoneka pafupi ndipo mtima umakuuzani kuti ndingopalasa ndi manja ndikafika. Musatero chonde, madzi a mu mpatawo amakoka kwambiri. Lipirani boti.

Himmafushi ili ndi Jailbreaks, la kumanja, lomwe mutha kukafika wapansi kuchokera ku gesitihausi, ndi funde lokoma lokhala ndi zigawo zingapo zomwe tsiku labwino zimalumikizana. Pafupi pomwepo pali kachilumba kopanda anthu ka Thanburudhoo komwe swell imodzi imagawika pawiri, mbali ina Sultans la kumanja, mbali ina Honky's la kumanzere. Sultans ndi lomwe silikhumudwitsa, polowera ndi pofewa kenako mkati limathamanga, nchifukwa chake pamadzaza anthu ndi maboti. Mphepo ikatembenuka nkumachokera kumpoto chakummawa malo enawa amaonongeka koma Honky's amakhalabe bwino, kumbukirani zimenezo makamaka kumayambiriro kwa sizoni. Amene mukuphunzira kumene funsani za Ninjas, funde lake ndi lofatsa likakhala laling'ono. Pasta Point ndi Lohis ndi otchuka, onse akumanzere, koma ali m'manja mwa mahotela a pazilumbazo ndipo amasungira alendo awo, nde musawerengere zokalowa mwaulele. Pasta Point ndi komwe kunakhazikika Tony Hussein Hinde wa ku Australia, yemwe boti lomwe anakwera linasweka pa miyala ya ku Maldives mu 1973, nakhala zaka zambiri akukwera mafundewa pafupifupi yekha dziko lisanawadziwe. Anamwalira mu 2008 ali m'madzi pa funde lomwelo.

Nkhani yomwe ndikufuna muimvetse kwambiri ndi ya kukoka kwa madzi. Malo onsewa ali pa ngodya za miyala m'mphepete mwa mipata yomwe madzi amalowera ndi kutulukira mu atoll. Madzi akamadzaza amathamangira mkati, akamaphwa amathamangira kunja, ndipo pakati pa mpata amayenda ngati mtsinje wosefukira. Utha kupalasa ndi mphamvu zako zonse koma mtengo wa kokonati womwe unauyang'ana kumtunda ukungobwerera m'mbuyo. Ukaona choncho usalimbane nawo, palasa chopingasa kulowera m'mbali, ndipo bolodi usalisiye zivute zitani poti ndi lomwe likukuyandamitsa komanso likukuonetsa kwa a boti. Kukoka kumakula nthawi ya mwezi watsopano ndi mwezi wathunthu, ndipo kumachepa madzi akafika podzaza penipeni kapena pophwa penipeni. Ikani tebulo la nthawi za madzi mu foni, koma koposa zonse mverani kaputeni. Anthu amenewa anakulira pa dhoni, boti lawo lija, amangoyang'ana mmene madzi akuchitira makwinya nkukuuzani kuti dikirani theka la ola.

Boti likafika limaima mu mpata pomwe mafunde sakusweka. Mangani chingwe ku mwendo musanadumphe, ponyani bolodi pambali osati kutsogolo kwanu, kenako lowani. Gwirizanani ndi kaputeni nthawi yobwerera ndi chizindikiro chomuitanira, ambiri amaimika bolodi m'mwamba. Mukafika pomwe anthu akudikira mafunde musathamangire kukakhala pamwamba pa onse, perekani moni, khalani m'mbali, dikirani nthawi yanu. Yemwe ali pafupi ndi pomwe funde layambira kusweka ndiye mwini funde, kumulowerera kutsogolo ndi chipongwe komanso ngozi. Mukakhala gulu lalikulu lowani awiriawiri, zimapweteka anthu amene analawira m'mawa kuona boti lonse likukhuthukira pa iwo nthawi imodzi. Eni dziko apatseni ulemu wawo, ndi kwawo.

Korali amacheka, ndipo bala lake silichedwa kutukusira m'dziko lotentha chonchi. Mukagwa igwani chogona, tambasulani thupi, osalowa ndi mutu kapena kupondetsa mapazi pansi. Mukachekeka tulukani, tsukani ndi madzi abwino ndi sopo, chotsani tizidutswa tonse ta korali olo ziwawe bwanji, pakani mankhwala ophera tizilombo ndipo muziliyang'ana tsiku lililonse. Likayamba kufiira mozungulira, kutentha kapena kutulutsa mafinya pitani kuchipatala cha pachilumbapo osadikira. Zipatala zazikulu zili ku Malé, nde inshuwalansi yanu ikhale yovomereza masewerawa ndi kukunyamulani pa boti. Nsapato za labala zoyendera pa miyala tengani. Komanso korali ndi chamoyo, ndi chomwe chinapanga zilumbazo ndi mafundewo, musamaimepo mwadala kapena kuthyola.

Zonyamula: mabolodi awiri ngati mungathe, zingwe zapadera, zipsepse za pansi pa bolodi zapadera ndi kakiyi kake, wakisi wa madzi ofunda, malaya a manja aatali osambira nawo, chipewa chomanga pachibwano, mafuta oteteza ku dzuwa. Dzikoli lili pa equator, dzuwa lake limawotcha olo kuli mitambo. Pa zilumba zinthu izi zimapezeka mwa apo ndi apo komanso modula.

Pa chilumba chokhala anthu mowa kulibe, ndipo m'mudzi muvale zofika m'mawondo ndi zobisa mapewa, amuna musayende chifuwa pamtunda kuchoka ku mafunde. Zovala zosambira zili ndi gombe lake lomwe anapatula la alendo. Nthawi ya mapemphero masitolo amatseka pang'ono, ndipo m'mwezi wa Ramadan malo odyera ambiri satsegula masana komanso nthawi za maboti zimasintha. M'mawa mukatuluka m'madzi itanitsani mas huni ndi roshi, chapati chawo. Mas huni ndi nsomba ya tuna yosakaniza ndi kokonati wopala, anyezi ndi tsabola, imakhalitsa m'mimba mpaka madzulo.

Amene mwatopa ndi kuchulukana kwa anthu, kummwera kuli malo. South Malé ili ndi mafunde pafupi ndi Guraidhoo. Kupitirira apo ndi pa ndege ya mkati mwa dziko, ku Kadhdhoo mukafuna funde la Yin Yang la ku atoll ya Laamu, kapena ku Kaadedhdhoo mukafuna mafunde a ku atoll ya Huvadhoo monga Beacons, Blue Bowls ndi Tiger Stripes. Kumeneko mafunde ndi amphamvu kuposa a ku Malé, malo ake ndi otalikirana, ndipo ambiri amapitako pa boti logonamo lomwe limayenda nanu sabata kapena kuposerapo kutsata swell ndi mphepo. Ndi njira yodula koma vuto la mayendedwe limatheratu. Ndege zing'onozing'onozo zili ndi malire pa kulemera ndi kutalika kwa katundu, nde yezani thumba la mabolodi muwauziretu pobukitsa.

Pobwerera musadalire boti la m'mawa wa tsiku lomwe ndege yanu ikunyamuka, makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti pomwe nyanja itha kuwinduka usiku umodzi maboti nkuimitsidwa. Chokani pachilumba dzulo lake mukagone ku Hulhumalé, kuchoka pamenepo kupita ku eyapoti ndi mphindi zochepa pa msewu.