Mmene ndinapezera pulogalamu yaulere youmbira zinthu za 3D

Ndalama zolipirira pulogalamu chaka ndi chaka ndinalibe, choncho ndinasankha Blender, yomwe aliyense wakhala akuigwiritsa ntchito mwaulere kuyambira 2002. Kungoti mabatani ake ndi ankhaninkhani, mutu unangoti balala. Ndinayamba kaye ndi Blockbench, yopepuka, yoyenera tizinthu ta mabokosimabokosi. Dzanja litazolowera, ndinabwerera ku Blender.

Chinatsala n'kutumiza zoumbazo ku Godot, komwe ndimapangira gemu. Zina zinkafika zitapendekeka, zina zitakula mopitirira muyeso. Tsopano ndisanatumize ndimadina Ctrl+A mu Blender n'kusankha All Transforms kuti kukula ndi kaimidwe ka choumbacho zikhazikike, kenako ndimasunga ngati glTF, mtundu wa fayilo ya zinthu za 3D. Paja kwa Blender mzere woloza kumwamba umatchedwa Z, pomwe kwa Godot umatchedwa Y. Posunga ngati glTF, kusiyanaku kumakonzeka kokha.