Momwe mungasankhire maluwa akwathu oitana njuchi, agulugufe ndi mbalame pabwalo panu ku Mangochi

Ntchito imeneyi imayambira kutchire osati kumsika. Mu Febuluwale ndi Malichi, mvula itakhazikika, yendani m'mphepete mwa minda ndi m'njira za kwanuko m'mawa, muone zomera zimene njuchi ndi agulugufe akuteramo. Samalani kwambiri zimene zamera pa dothi lofanana ndi la pabwalo panu, chifukwa mchenga wa m'mbali mwa nyanja ndi wosiyana ndi dothi la kumapiri a Namwera, ndipo duwa limene limakondwa m'chisanu cha phiri la Zomba silipirira dzuwa la Okutobala la kuno.

Kenako sankhani mitundu yoti izimasula maluwa mosinthana chaka chonse. M'dzinja mulibe vuto, pakuti luni, chewe ndi mpungabwi zimamera mosavuta. Luni ali ndi timaluwa toyera, chewe ali ndi maluwa ofiirira onga kabelu amene njuchi zimalowamo thupi lonse, ndipo ziwirizi ndi ndiwo, choncho mukhoza kuthyolako masamba n'kusiya mitengo ina kuti ichite maluwa. Mpungabwi, umene makolo athu ankafukiza pothamangitsa udzudzu, umadzaza njuchi ukamasula. Nthawi yovuta ndi chilimwe, ndipo apa m'pamene pamafunika aloe wa m'miyala yakwathu kuno, monga Aloe chabaudii, amene amatulutsa maluwa ofiira m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Timbalame ta milomo yaitali yopindika timabwera kudzayamwa timadzi take tsiku lililonse. Gloriosa superba, duwa loyanga la maluwa onga malawi a moto, ndi lakwathunso, koma chomera chonsecho ndi poizoni, makamaka chinangwa chake, kotero ine sindilibzala pakhomo pamene pali ana aang'ono.

Gawo limene ndimafuna mulisamale koposa ndi logula mbande, chifukwa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Chaka choyamba ndinagula timitengo 6 m'machubu kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu, amene ananditsimikizira kuti ndi maluwa achilengedwe okondedwa ndi agulugufe. Mtengo wa kamtengo kamodzi unali wosafika pa mulu wa usipa, ndipo kutchipa kumeneko kunandichititsa kuti ndisafunse zambiri. Agulugufe anabweradi, koma timitengoto tinali lantana, chomera chochokera ku America chimene chawononga madambo ndi malo odyetsera ziweto m'maiko ambiri a mu Africa. Mbalame zinadya tizipatso take takuda n'kumwaza njere, ndipo pofika dzinja lachiwiri lantana anali atamera kuseri kwa bafa, m'munsi mwa mpanda ndi m'munda wa aneba anga, amene ali ndi ng'ombe, pamene masamba a chomerachi amadwalitsa ziweto. Ndinatha masabata atatu ndikuzula ndi khasu, mikono itakalikakalika, ndipo chitsa chilichonse chimene ndinangodula osazula chinaphukanso.

Kumuzindikira lantana n'kosavuta mukadziwa poyang'ana. Gwirani tsinde lake: lili ndi ngodya zinayi ndipo nthawi zambiri limakhala ndi timinga ting'onoting'ono. Tsamba lake ndi lokhakhala, ndipo mukalitikita limatulutsa fungo lamphamvu. Pamutu umodzi wa maluwa pamakhala mitundu iwiri kapena itatu, yachikasu, yofiirira ndi yofiira. Deliya wa maluwa aakulu achikasu nayenso ndi wobwera, wochokera ku Mexico, ndipo amafalikira mofananamo, pamene namasupuni, amene aliyense wokhala m'mbali mwa Shire amadziwa mavuto ake, musamuike m'kadziwe ka pakhomo ngakhale duwa lake ndi lokongola. Wogulitsa akalephera kukuuzani dzina la chomera ndi kumene anatenga mbewu yake, musagule. Jambulani chithunzi muonetse alangizi a zankhalango, kapena mufunse ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba. Chenjeraninso ndi amene amagulitsa aloe wamkulu wa mizu yodukaduka, chifukwa kawirikawiri amakhala wokumbidwa kutchire, ndipo m'malo otetezedwa monga Lake Malawi National Park ku Cape Maclear kukumba zomera n'koletsedwa. Njira yachidule ndiyo kupempha mphukira kwa munthu amene ali naye kale pakhomo.

Mbewu za luni, chewe ndi mpungabwi mukhoza kutola nokha mu Epulo ndi Meyi zikauma, n'kuzisunga m'pepala pamalo ouma. Fesani ndi mvula yoyamba yeniyeni ya Disembala, mutasakaniza manyowa pang'ono mumchengamo, ndipo mtundu uliwonse ukhale pagulu pake kuti njuchi ziupeze msanga. Aloe muikeni pamalo okwera osadikha madzi. Mangani mpanda wa bango chifukwa cha mbuzi, musapopere mankhwala ophera tizilombo, ndipo ikani phale la madzi lokhala ndi timiyala pamthunzi, muzisintha madziwo masiku awiri alionse kuti udzudzu usaswanemo.