Tulutsani mabuku m'makatoni mvula isanayambe

Aphunzitsi ndi nonse oyang'anira malaibulale a m'masukulu ndi m'madera, mabuku ambiri amene timataya saonongedwa ndi ana. Amaonongekera m'makatoni, m'chipinda chokiya, ife tili phee poganiza kuti tawasunga bwino. Katoni ikakhalitsa pa simenti imakoka chinyontho, chiswe n'kuloŵera pansi pake. Podzatsegula, chikuto chili bwinobwino koma m'kati muli dothi lokhalokha.

Ndiye yambani ndi kuwaika pa mashelefu. Thabwa lam'munsi litalikirane ndi pansi masentimita 15 kapena kuposerapo, monga momwe timakwezera nkhokwe kuti chimanga chisagunde dothi. Shelefu isatsamire khoma, makamaka khoma lakunja lomwe mvula imaomba. Siyani mpata woti tsache lidutse. Mpata umenewu ndiwo umakuonetsani msanga timisewu tadothi tomwe chiswe chimamanga pokwera khoma. Mukationa musangotikanda n'kuchokapo. Londolani komwe tachokera, matani ming'alu ndi simenti, ndipo ngati pali chulu pafupi ndi nyumbayo, makolo athandize kuchikumba. Mankhwala a chiswe athiridwe pansi ndi m'mbali mwa khoma, osati pa mabuku ayi, paja ana amanyowetsa chala ndi malovu potsegula masamba.

Mdani wina ndi chuku. Chimamera mpweya ukakhala wonyowa kupitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, ndipo simusowa chida choyezera kuti mudziwe: mphuno imakuuzani mukangotsegula chitseko m'mawa. Tsegulani mawindo tsiku lililonse kunja kukayera, ngakhale pa holide. A ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre musamadikire dzinja lokha, chifukwa chiperoni cha mu June ndi July chimanyowetsanso mapepala. Denga la malata liyendereni mu October, mubowo uliwonse wa msomali umatidwe. Buku lomwe lachita kale chuku lichotseni pakati pa anzake, liume, kenako mulipukutire panja ndi kansalu kouma mutavala chophimba pakamwa ndi mphuno.

Nanga buku likanyowa? Namondwe wa Freddy mu March 2023 ananyowetsa mabuku m'masukulu ambiri a m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu ambiri zikatere amathamangira kuyanika padzuwa. Dzuwa limapinda chikuto, limakwinyitsa masamba ndi kumasula guluu. Liimikeni bukulo pa tebulo pamthunzi podutsa mphepo, masamba atatakasuka pang'ono. Ngati lanyowa kwambiri ligonekeni, muziika mapepala oyera osalembapo pakati pa masamba angapo alionse, n'kumawasintha akanyowa. Masamba onyezimira, monga a m'mabuku a mapu, alekanitseni akadali onyowa, chifukwa akaumira pamodzi amamatirirana mpaka kalekale. Likatsala pang'ono kuuma, litsekeni mulitsindike ndi njerwa yokulunga m'pepala. Zonsezi zichitike pasanathe masiku awiri, chuku chisanayambe.

Pa nkhani yokonza mabuku ong'ambika ndili ndi mawu pa selotepi. Imaoneka yothandiza lero, koma pakapita zaka zochepa imauma n'kugwa, kusiya banga lachikasu lomwe silichoka. Phala la ufa ndi nsima, zomwe ena amamatira zikuto, zimaitana mphemvu ndi makoswe. Gulani guluu woyera wa matabwa, uja akalipentala amagwiritsa ntchito, mupake pang'ono chabe pa kansalu kopyapyala n'kulimbitsira msana wa buku. Tsamba likathothoka libwezeretseni tsiku lomwelo, lisanasochere. Ana aphunzitseni kutulutsa buku pogwira pakati pa msana, osati kukoka ndi chala pamwamba, ndiponso kuti chigumu ndi mtedza zimadyedwera panja. Mabuku aakulu olemera agonekeni, ena onse aime chilili, osawapanikiza mpaka kuvuta kusolola.

Moto nawo tisauiwale. Laibulale ya pa Mzuzu University inapsa mu December 2015, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anathera pomwepo. Itanani wodziwa zamagetsi aone mawaya, makandulo asayatsidwe m'chipindamo, ndipo udzu wozungulira nyumba ulambulidwe nyengo yotentha tchire isanafike. Kaundula wa mabuku anu akhale ndi kope lachiwiri ku ofesi ya a hedimasitala kapena m'foni, kuti zikavuta mudziwe chomwe chatayika.

Ngati muli ndi zolembedwa zakale zosapezeka kwina, monga buku la mbiri ya sukulu kapena kaundula wakale wa mpingo, musazimate ndi chilichonse. Zikulungeni m'pepala loyera, osati m'jumbo, muzijambule tsamba ndi tsamba, kenako mufunse malangizo kwa a National Archives ku Zomba kapena ku nthambi ya National Library Service yomwe muli nayo pafupi.