Pemphani chilolezo musanatape m'nyimbo ya eni

Oimba hip hop amene mukudzijambulira nokha, musanadule kachidutswa ka nyimbo yakale n'kukaika m'biti yanu (kayimbidwe ka zida kamene kamaperekeza mawu), yambani mwapeza chilolezo cholembedwa. Mu 1991, khoti la ku New York linagamula kuti woimba hip hop wa ku America, Biz Markie, analakwa potapa m'nyimbo ya woimba wina, Gilbert O'Sullivan, popanda chilolezo, ndipo chimbale cha Biz Markie chotchedwa I Need a Haircut chinachotsedwa pamsika.

Eni ake amakhala awiri: amene anapeka nyimboyo, ndiponso mwini wa zojambulidwazo, yemwe kawirikawiri ndi kampani, ndipo onsewo ayenera kuvomera. Musadzinamize kuti masekondi atatu okha sangakupalamulitseni mlandu. Ngati ndalama zavuta, itanani woimba gitala kapena kiyibodi akupekereni kayimbidwe katsopano, ndipo mulemberane naye mgwirizano tsiku lomwelo, nyimboyo isanayambe kumveka pawailesi.