Momwe mungathandizire mwana wokonda foni kuti adzagwire ntchito ya makompyuta kuno ku Joni

Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri tikatuluka m'tchalitchi Lamulungu, kaya ndi ku Rosettenville kaya ku Cosmo City, ndi lakuti ana a masiku ano sachotsa maso pa foni. Komatu makolo omwewo, foni yawo ikakana kutumiza ndalama kumudzi kapena WhatsApp ikasokonekera, amaitana mwana yemweyo kuti awakonzere, ndipo akakonza amauza anzawo monyadira kuti mwanayu ndi katswiri wa makompyuta. Zoona zake n'zakuti kuthamanga kwa zala pa TikTok sikulembetsa munthu ntchito ya makompyuta. Chidwi chimenecho chili ngati mbewu ya m'nkhokwe: ndi yabwino ndithu, koma popanda woitengera kumunda imangofumbwa.

Munda wake suli patali. Agogo athu ankabwera ku Joni kudzera ku Wenela kudzakumba golide pansi pa nthaka, koma lero chuma chambiri cha mzinda uno chimayenda m'makompyuta. Standard Bank, Absa, FNB ndi Nedbank ali ndi malikulu awo konkuno, MTN nayonso ili muno, Vodacom ili ku Midrand, ndipo ku Isando, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, kampani ya Teraco ili ndi zinyumba zodzaza makompyuta amene intaneti ya mayiko ambiri a kuno kummwera imadutsamo. Microsoft inatsegula malo ake osungirako zinthu za pa intaneti ku Johannesburg mu 2019, ndipo Google inatsatira mu 2024. Onsewa amalemba anthu olemba mapulogalamu, osamalira netiweki, oteteza ku akuba a pa intaneti ndi osanthula manambala. Funso ndi lakuti mwana wa Mmalawi wogwira ntchito ya m'dimba, ya ulonda kapena ya m'nyumba angafike bwanji pamenepo.

Choyamba, khalani naye pansi muone chimene amachita

Musanagule chilichonse, mupempheni mwanayo kuti akuonetseni zimene amachita pa foni, ndipo mufunse ngati wophunzira, osati ngati wapolisi. Mawu akuti "tandionetsa, mwanangu, wapanga bwanji chimenechi" amatsegula zambiri kuposa kulanda foni. Cholinga chanu n'kudziwa kumene mtima wake wapendekera, chifukwa ntchito za makompyuta n'zosiyanasiyana ngati mmene ntchito za kuchipatala zimasiyanirana. Mwana amene amamasula mafoni akufa ndi kulumikiza mawaya angapite ku ntchito yokonza makompyuta ndi kuika netiweki. Wokonda kujambula ndi kukonza makanema angadzapange maonekedwe a mawebusaiti. Amene amafunsa kuti gemu imadziwa bwanji kuti wapambana, ndipo sagona mpaka atapeza yankho la ndagi, ameneyo ali ndi mutu wa wolemba mapulogalamu. Wina amasunga zigoli za ligi yonse m'kope lake n'kumalosera amene adzatenge chikho. Ntchito yosanthula manambala imayambira pomwepo.

Apa ndichenjeze: kubetcha pa foni ndi zimene anyamata amazitcha forex si ntchito ya makompyuta, ngakhale amene amawakopa amaonetsa laputopu ndi magalimoto onyezimira. Mukaona mwana akupempha ndalama zoti "aike" kuti zibereke, muletseni msanga.

Muonenso mwana wamkazi. M'nyumba zathu zambiri mnyamata akakhala pa kompyuta timati akuphunzira, koma mtsikana akakhalapo timamukumbutsa za mbale ndi mwana wolira. Ngati laputopu ili imodzi, gawani nthawi mofanana, ndipo ntchito za pakhomo muzigawenso mofanana.

Chachiwiri, muchotseni pongoonera, ayambe kupanga

Kusiyana kwa wongosewera ndi wophunzira kuli pa chinthu chimodzi: wophunzira amakhala ndi chimene wapanga yekha, choti angathe kuonetsa munthu. Kwa ana a ku pulayimale, pulogalamu ya Scratch, imene inapangidwa ku MIT ku America, ndi yaulere, ndipo mukaiika pa kompyuta kamodzi imagwira ntchito popanda data. Mwana amalumikiza timabokosi ta malangizo mpaka kamphaka ka pa sikirini kayende, kalumphe ndi kuwerenga zigoli, ndipo potero amaphunzira kuganiza mwa ndondomeko, kumene ndiko maziko a coding yonse, kutanthauza kulemba mapulogalamu. Kwa amene alibe kompyuta, bungwe la Tangible Africa, limene linayambira ku Nelson Mandela University, lili ndi magemu monga Tanks ndi Rangers ophunzitsa zomwezo pogwiritsa ntchito foni imodzi ndi timakadi tokonza patebulo. Akafika ku sekondale ayambe Python, chilankhulo cha makompyuta chosavuta kuwerenga koma chogwiritsidwa ntchito m'makampani enieni. Maphunziro a freeCodeCamp ndi a CS50 a ku Harvard amapezeka pa intaneti popanda kulipira.

Foni ili ndi malire ake, choncho laputopu idzafunika. Siyenera kukhala yatsopano; yakale yogwira bwino ntchito imakwanira kuphunzirira Python, bola mugule kwa munthu amene angakupatseni lisiti, ndipo muyese batire yake musanalipire. Pamene mukusonkhanitsa ndalama, funsani ku laibulale ya m'dera lanu ngati ili ndi makompyuta ndi intaneti. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, ataona chithunzi m'buku la mu laibulale yaing'ono. Mwana wa ku Diepsloot ali ndi zambiri kuposa zimene iye anali nazo.

Ana amene ndimawathandiza Loweruka ndimawauza kuti apange chinthu chothandiza pakhomo pawo. Wina alembe pulogalamu yowerengera kuti marandi amene bambo akutumiza adzakhala makwacha angati akachotsa ndalama yotumizira. Wina akonze kaundula wa chipereganyu cha amayi ake, kapena wa zopereka za gulu lonyamula maliro kupita kumudzi, kuti aliyense aone amene wapereka ndi amene watsala. Ntchito zotere zimamuphunzitsa kumva chimene munthu akufuna asanayambe kulemba, ndipo zikalakwika amaona yekha kuti kulakwa kwa nambala imodzi kungathe kukanganitsa akuluakulu. Pulogalamu idzakana kuyenda kambirimbiri, nthawi zina chifukwa cha kachizindikiro kamodzi koiwalika, ndipo mwana adzafuna kutaya zonse. Musamuchitire chifundo chomuuza kuti asiye; kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo theka la ntchito ya katswiri ndi kufufuza kumene chalakwika. Ngati akugwiritsa ntchito ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene ingathe kumulembera mayankho, lamulo likhale lakuti afotokoze ndi pakamwa pake mzere uliwonse umene waikamo. Chimene sangathe kufotokoza sanachiphunzire.

Chachitatu, giredi 9 isakudutseni

Apa ndi pamene ana athu ambiri amatayira njira, ndipo makolo sadziwa n'komwe kuti china chachitika. Kumapeto kwa giredi 9 mwana amasankha maphunziro amene adzapitirize nawo mpaka matric, mayeso omaliza sekondale mu giredi 12. Onse pamodzi amakhala asanu ndi awiri: zilankhulo ziwiri, Life Orientation, masamu, ndi ena atatu osankha. Pa masamupo pali mphambano. Kuli Mathematics, amene ana amawatcha pure maths, ndipo kuli Mathematical Literacy, amene ndi masamu a tsiku ndi tsiku monga kuwerengera chiwongoladzanja ndi kuwerenga mapu. Madigiri a Computer Science ku yunivesite ya Wits ndi ku University of Johannesburg (UJ) amafuna Mathematics, ndipo amafuna kuti mwana akhoze bwino ndithu, osati kungodutsa pang'ono. Mwana wopeza 90 pa 100 mu Mathematical Literacy amapeza khomo limenelo lotseka.

Fomu yosankhira imabwera kunyumba kuti kholo lisayine, ndipo ambiri timasayina titatopa, osawerenga. Pali sukulu zina zimene zimakankhira ana ofooka pang'ono ku Mathematical Literacy kuti zotsatira za sukulu zioneke bwino, ndipo mwana naye amavomera chifukwa anzake amuuza kuti kumeneko n'kophweka. Kubwerera ku Mathematics pambuyo pake n'kovuta kwambiri, chifukwa zimene anzake aphunzira mu giredi 10 ndizo zimanyamula za giredi 11 ndi 12. Choncho pitani kusukulu nokha, ngakhale zitatanthauza kupempha bwana tsiku limodzi, mukaonane ndi mphunzitsi wa masamu, mumufunse pamene mwana akufooka ndi chimene chingachitike miyezi isanathe. Safunsa anadya phula. Ngati ndalama ya mphunzitsi wapadera palibe, mabuku a masamu a Siyavula amawerengedwa mwaulere pa intaneti, mapepala a mayeso akale a matric ali pa webusaiti ya dipatimenti ya maphunziro, ndipo pafupifupi mumpingo uliwonse wa Amalawi muli wina amene anakhoza masamu ndipo angathe kukhala ndi ana ola limodzi pa sabata akapemphedwa mwaulemu. M'mera mpoyamba: thandizo limeneli liyambe mu giredi 8, osadikira kuti fomu ifike.

Sindikunena kuti mwana aliyense akakamizidwe. Ngati mwayesetsa ndipo masamu akukanikadi, njira zina zilipo, ndipo ndizitchula pansipa. Chimene ndikukana n'chakuti khomo litsekedwe ndi siginecha ya kholo limene silinauzidwe tanthauzo lake.

Mudziwenso kusiyana kwa maphunziro awiri amene mayina awo amasokoneza. Computer Applications Technology, imene amaitcha CAT, imaphunzitsa kugwiritsa ntchito mapulogalamu a muofesi, monga olembera makalata ndi owerengera ndalama. Information Technology, kapena IT, imaphunzitsa kulemba mapulogalamu, ndipo m'sukulu zambiri za boma amagwiritsa ntchito chilankhulo cha makompyuta cha Delphi pamene zina zimaphunzitsa Java. Wofuna kudzakhala wolemba mapulogalamu asankhe IT ngati ilipo. Ngati sukulu yake ilibe IT musataye mtima kapena kuthamangira kumusamutsa, pakuti yunivesite imayang'ana masamu, ndipo coding imayamba kuphunzitsa kuchokera pachiyambi.

Chachinayi, aone malo ndi anthu ake

Mwana salakalaka ntchito imene sanaionepo. Mupite naye ku Sci-Bono Discovery Centre ku Newtown, mudutse naye ku Braamfontein aone Wits ndi Tshimologong, malo a yunivesiteyo kumene achinyamata amaphunzira ndi kuyambitsa mabizinesi a tekinoloje. Funsani aphunzitsi ngati sukulu imalembetsa ana ku mpikisano wa Computer Olympiad, makamaka gawo lake la Talent Search limene limayesa kuganiza osati kudziwa kompyuta. Ndipo ngati pali m'bale kapena mnansi wogwira ntchito ya IT, mupempheni acheze ndi mwanayo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachisanu, sankhani njira ya pambuyo pa matric maso ali tcheru

Mayunivesite amayamba kuweruza mwana ndi zotsatira za giredi 11, ndipo mafomu amatsekedwa mayeso a matric asanathe, ena m'mwezi wa Sepitembala, choncho chaka cha giredi 11 si chopumira. Kupatula Wits ndi UJ, yunivesite ya Unisa imalola munthu kuphunzira ali pantchito. Makoleji a boma a TVET, monga Central Johannesburg ndi South West Gauteng, ali ndi maphunziro a ntchito zamanja ndi zaukadaulo, ndipo ena amaphunzitsa Information Technology and Computer Science. WeThinkCode_, sukulu yophunzitsa kulemba mapulogalamu imene inayamba mumzinda uno mu 2015, imasankha ophunzira powayesa kaganizidwe. Palinso masatifiketi odziwika m'makampani, monga CompTIA A+ kwa okonza makompyuta ndi CCNA ya Cisco kwa a netiweki, amene ndi abwino kwa mwana waluso la manja amene masamu anamuvuta.

Chenjerani ndi makoleji a m'zipinda zapamwamba m'tauni amene amagawa timapepala pamsewu mu Januwale. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musanalipire ngakhale randi imodzi, onani ngati kolejiyo ili m'kaundula wa Department of Higher Education and Training, ndiponso ngati kosi yeniyeniyo ndi yovomerezeka, chifukwa koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa koma n'kumaphunzitsa kosi imene sinaloledwe.

Chachisanu ndi chimodzi, mapepala

Nkhani iyi ndi yowawa kwa ambiri a ife, koma kuibisa kumapweteka mwana. Thandizo la NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira osauka, silifika kwa wophunzira amene ali ndi pasipoti ya Malawi ndi pemiti ya kanthawi, ndipo mabasale ndi ma learnership (maphunziro ochitikira pantchito) ambiri amafuna chiphaso cha nzika. Chotitonthoza n'chakuti pansi pa mgwirizano wa maphunziro wa SADC wa 1997, wophunzira wa ku Malawi amalipira fizi yofanana ndi ya mwana wa kuno m'mayunivesite a boma, ngakhale pamakhala ndalama ina yowonjezera ya ophunzira akunja, komanso amafunika visa ya maphunziro ndi inshulansi ya chipatala. Amene anabwera ndi MSCE ayenera kuyamba wapititsa mapepala ake ku SAQA, bungwe lounika mulingo wa masatifiketi, kapena ku Matriculation Board ya Universities South Africa, malinga ndi kumene akufuna kukalowa.

Kumudzi nakonso kuli njira, ndipo kwa mabanja ena ndiyo yotheka: MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo, University of Malawi ku Zomba ndi Mzuzu University onse amaphunzitsa za makompyuta, ndipo kusankha ophunzira kumadutsa ku National Council for Higher Education. Kaya mwana adzaphunzira kuno kaya kwathu, satifiketi yake yobadwira, pasipoti ndi pemiti zikhale zili bwino asanafike giredi 11, ndipo dzina lilembedwe mofanana pa mapepala onse, kuphatikizapo a kusukulu. Ngati pasipoti yatsala pang'ono kutha, pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Johannesburg kapena ku Pretoria chaka chomwechino, chifukwa mapepala amatenga nthawi ndipo tsiku lotsekera mafomu silidikira.